Momwe ntchito ikuyendera pa nkhani ya chiphaso cha khofi wathu ku Namwera

Meyi

Komiti yandipatsa udindo wolemba momwe nkhani ya chiphaso cha Fairtrade (chizindikiro cha malonda chimene chimapatsa magulu a alimi mtengo wotsikitsitsa wotsimikizika ndi ndalama yoonjezera) ikuyendera, kuti mamembala amene ali ku Joni ndi anzathu olima khofi m'madera ena azitsatira. Gulu lathu ndi laling'ono ndipo silinalembetsedwe ngati kopaletivi. Anthu akamva za Mangochi amaganiza za chambo, usipa ndi kutentha kwa kunyanja, koma mukawoloka mlatho wa Shire pa boma n'kukwera mapiri a Chowe kulowera ku Namwera, mpweya umazizira ndipo mvula imagwa yambiri. Kuno kwadziwika ndi maesiteti a fodya kuyambira kale. Khofi wa alimi ang'onoang'ono ndi wochepa, sitingamufanizire ndi wa ku Misuku kapena ku Phoka.

Ntchito yoyamba inali kalembera wa minda, ndipo tamaliza. Tinayenda munda ndi munda kuwerenga mitengo yobereka, yosabereka ndi youma. Zimene tapeza aliyense ankazidziwa mumtima, koma kuziona papepala kwatikhazika chete: mabanja owerengeka ali ndi mitengo yobereka yambiri kuposa ena tonse titaphatikizana. Chifukwa chake sichobisika. Khofi amayamba kubereka patatha zaka 3 chibzalireni, ndipo m'zaka zimenezo amafuna manyowa, madzi m'chilimwe ndi munthu womupalira. Amene anali ndi mwana wotumiza ndalama kuchokera ku Joni, kapena golosale, kapena munda woyandikana ndi mtsinje, anadikira. Ena njala itawapana anazula mbande n'kubwezeretsa chimanga ndi nandolo, n'kusiya mizere iwiri kapena itatu kumalire. M'minda yosasamalidwa ndi momwenso mbozi yoboola tsinde yapha mitengo yambiri.

Komiti ikufunsa ngati tifunsire chiphaso kapena ayi. Ine ndawapempha kuti tionjezere funso lachiwiri: chiphasocho chikabwera, ndalama yake idzagwera m'thumba la ndani? Avomera kuti ntchito ya chaka chino iyankhe mafunso onse awiri.

Juni

Kuthyola kwayamba m'minda ya kumunsi. Mwezi uno ndinautha pofufuza kawerengedwe ka mtengo wogulira, chifukwa kumsika kukumveka mphekesera yoti chiphaso chimachulukitsa mtengo kawiri.

Chiphasochi chinayamba ndi khofi. Mu 1988 ku Netherlands kunatuluka chizindikiro cha Max Havelaar, ndipo khofi woyamba anachokera ku kopaletivi ya UCIRI ku Mexico. Chaka chotsatira, mu 1989, mgwirizano wa mayiko umene unkapatsa dziko lililonse mlingo wa khofi wogulitsa kunja unatha, mitengo n'kugwa. Mu 2001 khofi ku msika wa New York anatsika mpaka pansi pa masenti 50 a dola pa paundi (muyeso wa kulemera), ndipo mu 2019 anatsikanso pansi pa dola imodzi. Mtengo wotsikitsitsa wa Fairtrade anaukonzera zaka zotere. Kuyambira 2011 unali 1.40 dola pa paundi ya Arabica wotsuka, ndipo mu Ogasiti 2023 unakwezedwa kufika 1.80 dola. Msika ukatsika kuposa pamenepo, wogula amalipirabe 1.80. Msika ukakwera, amalipira wa pamsika. Pamwamba pake pali masenti 20 pa paundi amene amapita ku gulu, osati kwa mlimi payekha, ndipo khofi wolimidwa popanda feteleza ndi mankhwala a m'sitolo, ngati ali ndi chiphaso chakechake, amaonjezera masenti 40.

Mu Febuluwale 2025 msika wa New York unadutsa madola 4 pa paundi. Pa nthawi ngati imeneyi mtengo wotsikitsitsa uja sukhudza aliyense, chimene chimatsala ndi masenti 20 aja basi. Ndinawerengera komiti pa bolodi la kusukulu. Kilogalamu imodzi ndi mapaundi 2.2, ndiye masenti 20 pa paundi ndi masenti 44 pa kilogalamu ya khofi wopunthapuntha woti akwere sitima. Kuti mupeze kilogalamu imodzi yotero pamafunika makilogalamu pafupifupi 6 a zipatso zofiira. Ndiye pa kilogalamu ya zipatso imene mlimi amaika pa sikelo, ndalama yoonjezerayo ndi masenti 7, amene pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, pafupifupi K1,750 pa dola, ndi ngati K130. Mlimi wothyola makilogalamu 300 amabweretsa ku gulu madola 22. Wothyola 3,000 amabweretsa madola 220.

Agogo ena amene amakhala kumbuyo pamisonkhano anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Mwanawe, ndiye kuti mvula igwa mofanana pamudzi ponse, koma wa migolo yambiri ndi amene atunge." Anagwira mfundo yonse. Chiphaso chimalipira pa kilogalamu, ndipo makilogalamu tinawawerenga kale mwezi watha.

Sindikunyoza mtengo wotsikitsitsawo. Amene analima fodya akudziwa ululu wa chaka chimene mtengo wagwa ku okushoni ngongole ya feteleza ili pakhosi. Khofi adzagwanso, monga wakhala akuchitira, ndipo tsiku limenelo 1.80 idzapulumutsa minda. Koma idzapulumutsa munthu amene khofi wake wadutsa pa sikelo ya gulu m'dzina lake.

Julayi

Uno ndi mwezi umene ndaphunzira zambiri, ndipo ndilemba motalikirako.

Tinagwirizana kuti chaka chino tiyeseze kugulira pamodzi ngati kuti chiphaso tili nacho kale: sikelo imodzi, buku limodzi, risiti kwa aliyense, malipiro oyamba pang'ono, ndipo otsala, amene anthu amati bonasi, khofi akagulitsidwa. Umu ndi momwe makopaletivi ambiri a khofi amachitira, chifukwa zipatso zimafunika kusenda tsiku lomwe zathyoledwa, kuvundika, kutsuka, kuyanika pa mathandala kwa masabata, kupuntha, kusankha, kenako kudikira wogula. Kuchoka pa tsiku lothyola kufika pa tsiku la bonasi pamadutsa miyezi yambiri.

Buku likuonetsa chinthu chimene chandisautsa. Mayina a alimi a mitengo yochepa sakuoneka pa sikelo, pomwe minda yawo tinaiona ili ndi zipatso. Ndinayendera ena mwa iwo. Mayi wina wamasiye, amene akulera zidzukulu, anandiyankha mosabisa: "Achimwene, bonasi yanuyo ibwera liti? Mwana akudwala lero, chigayo chikufuna ndalama lero." Anagulitsa zipatso zake pa ndowa, ndalama pamanja. Wogula si venda wochokera kutali ayi. Ndi membala mnzathu wa munda waukulu, amene amatenga zipatsozo n'kukazipimitsa m'dzina lake. Mayiyo walandira mtengo wa ndowa, bonasi idzapita kwa wogulayo, ndipo pamsonkhano wa chaka buku lidzanena kuti mayiyo sabweretsa khofi ku gulu. Ndapezanso ena amene anakongola ndalama mu Janyuwale, nthawi ya njala, polonjeza kudzabweza ndi khofi. Khofi wawo anagulidwa akadali wobiriwira mumtengo, pa mtengo wa katapila.

Bambo wogulayo nditacheza naye sanakane. Anati akuthandiza anthu, chifukwa gulu lilibe ndalama yolipira pompopompo, ndipo akapanda kugula iye agula mavenda pa mtengo wotsikirapo. Pa mfundo imeneyi sakunama, ndipo sindikufuna kuti zolembazi zimupange mdani wa mudzi. Vuto lili pa dongosolo: gulu limene limalipira mochedwa limasanduka gulu la anthu okhoza kudikira. Tikaika chiphaso pamwamba pa dongosolo lotere, kusiyana kwa mtengo wa ndowa ndi mtengo wa gulu kudzakula, ndipo phindu la kugula kwa osauka lidzakula nalo. Komanso malamulo a chiphaso amafuna kuti khofi aliyense adziwike munda umene wachokera. Oyendera a FLOCERT, bungwe limene limafufuza m'malo mwa Fairtrade, akapeza munda wa mitengo yochepa ukupimitsa khofi wochuluka kuposa momwe ungaberekere, kapena khofi wa anthu osakhala mamembala, gulu lonse ndi limene limalangidwa.

Pali lamulo lina la Fairtrade limene alimi ambiri salidziwa ndipo kwa ine ndi lofunika kuposa masenti 20 aja. Gulu likasayina mgwirizano ndi wogula, lingathe kupempha ndalama yoyambira yokwana 60 peresenti ya mtengo wa mgwirizanowo khofi asanatumizidwe. Ndalama imeneyo ndi imene ingachititse kuti malipiro oyamba pa sikelo apose mtengo wa ndowa. Koma imabwera pokhapokha wogula alipo, ndipo ife tilibe.

Poyembekezera, tayesa njira yathu. Amayi a banki mkhonde awiri a m'mudzi avomera kubwereketsa gulu ndalama yochepa, kuti aliyense wobweretsa zipatso zosapitirira ndowa ziwiri pa tsiku azilipidwa zonse za malipiro oyamba tsiku lomwelo, ndipo a minda ikuluikulu azidikira kumapeto kwa sabata. A minda ikuluikulu ena anadandaula kuti uku ndi kukondera. A tcheyamani anawayankha kuti amene angathe kudikira adikire. Kuyambira pamenepo mayina amene anasowa ayamba kuoneka m'buku, ngakhale si onse. Ndalamayo ili ndi chiwongola dzanja, ndipo tidzachichotsa pa bonasi ya aliyense molingana ndi makilogalamu.

Ogasiti

Kuthyola kwafika pachimake. Ndaika maso pa anthu amene sali m'buku lililonse, aganyu. M'minda ikuluikulu amene akuthyola si eni ake. Ndi amayi ndi anyamata opanda khofi, ena ochokera m'midzi ya kumalire cha ku Chiponde, amene amalipidwa pa ndowa. Iwowa ndi osauka kuposa membala wosaukitsitsa wa gulu lathu, ndipo sadzavota pa ndalama ya chiphaso chifukwa si mamembala.

Izi si zathu zokha. Mu 2014 akatswiri a ku SOAS, pa yunivesite ya London, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa zaka 4 ku Ethiopia ndi ku Uganda m'madera olima khofi, tiyi ndi maluwa. Anapeza kuti aganyu m'madera a makopaletivi a Fairtrade sankalandira malipiro oposa a anzawo a kwina, ndipo m'malo ena ankalandira ochepa. A Fairtrade anatsutsa zina mwa njira zimene kafukufukuyo anagwiritsa ntchito, koma anavomera kuti nkhani ya aganyu ndi yofunika kuigwirira ntchito. Malamulo okhwima a Fairtrade pa malipiro amakhudza makamaka mlimi wolemba antchito ambiri. Wolemba anthu atatu kapena anayi pa nyengo yothyola amadutsa osaonedwa kwenikweni.

Ndapempha komiti kuti gulu likhazikitse mtengo umodzi wotsikitsitsa wa ndowa ya ganyu, ulengezedwe kwa a mfumu ndi kumzikiti ndi kutchalitchi, komanso kuti ndowa yake ikhale ya muyeso umodzi. Ndaona ndowa zina zokulitsidwa kukamwa ndi moto. Komiti yavomera za muyeso wa ndowa. Za mtengo akuti tikambirane pamsonkhano waukulu.

Za ana: chiphaso chimaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 15. Mwana kuthandiza makolo m'munda wa kwawo ataweruka kusukulu, pa ntchito yosaopsa, sikuletsedwa. Tafotokozera mamembala kusiyana kwake ndipo palibe anatsutsa.

Seputembala

Msonkhano waukulu tinaupanga Loweruka, kupewa Lachisanu ndi Lamulungu kuti onse apezeke. Tinayeseza kugawa ndalama ya chiphaso ngati kuti yabwera, kuti tione mitima ya anthu ndalamayo isanaoneke.

Lamulo la Fairtrade likuti ndalama yoonjezerayo amaigamula ndi mamembala onse pamsonkhano, munthu mmodzi voti imodzi, kaya ali ndi mitengo 50 kaya 5,000. Kuyambira 2011 masenti 5 mwa 20 aja ayenera kupita ku zokweza zokolola ndi ubwino wa khofi. Otsalawo gulu limasankha lokha. Apa ndi pokhapo pamene chiphaso chimapereka mpata wochepetsa kusiyana, ndipo mpatawo umatsekeka mosavuta.

Maganizo anali atatu. A minda ikuluikulu akufuna ndalamayo igawidwe pa kilogalamu, kapena igulire makina akulu osendera khofi. Akuti ndi khofi wawo amene wabweretsa ndalamayo. Ena akufuna mjigo ndi kukonza mlatho wa matabwa wopita kusukulu, zimene aliyense angagwiritse ntchito, ndi aganyu omwe. Gulu lachitatu, amayi ambiri, likufuna nazale ya mbande ndi manyowa kwa amene ali ndi mitengo yochepa, kuti patatha zaka 3 nawonso adzakhale ndi chopimitsa.

Ine ndili ku mbali ya amayiwa, ndipo ndinanena poyera. Makina osendera ndi ofunika, khofi wosendedwa mochedwa amatsika giredi ndipo tonse timaluza. Koma makina amatumikira kwambiri amene amabwera ndi matumba, ndipo akaikidwa pafupi ndi msewu, wa kuphiri wosenza ndowa pamutu adzapitirizabe kugulitsa kwa amene ali ndi njinga yamoto. Mjigo ndi wabwino, koma susintha chiwerengero cha mitengo m'munda wa munthu. Mbande ndi zimene zimasintha buku la kalembera lija. Pafunika kungokumbukira kuti mbande yopanda chakudya cha banja m'zaka zodikira idzazulidwanso, ndiye iyenera kupita limodzi ndi nthochi ndi nyemba zobzala m'mizere, zimene zimapereka mthunzi ndi ndiwo khofi asanabereke.

Chimene sindinachiyembekezere chinachokera kwa mayi wina wachitsikana amene mwamuna wake ali ku Joni. Anaimirira n'kunena kuti: "A tcheyamani, munda ndi wa kwathu, anandipatsa ndi amayi anga. Wolima ndine, wothyola ndine. Koma m'buku mwanu muli dzina la abambo a kunyumba. Ndiye lero ndivote kapena ndingomvera?" Titatsegula buku tinapeza kuti si yekha. Kuno mwamuna amakhala kwa mkazi ndipo malo amayenda kuchikazi, koma polembetsa mayina anthu anatsatira chizolowezi cha fodya, cholemba bambo ngati mwini. Bonasi ikadzatumizidwa pa foni, idzapita ku nambala ya munthu amene ali kunja kwa dziko. Kumpoto, ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, kumene malo amayenda kuchimuna, akhala akulimbikitsa amayi kukhala ndi khofi m'dzina lawo. Ife kuno malo ndi a amayi kale, chosowa chinali cholembera basi. Msonkhano unagamula tsiku lomwelo kuti membala ndi amene amagwira ntchito m'mundamo, ndipo banja likafuna lilembetse mayina awiri. Amalume ena a m'mabanja anafuna kuti ayambe afunsidwa, ndipo a mfumu alonjeza kuitanitsa eni mbumba kuti nkhaniyi ithe bwino.

Pa kagawidwe ka ndalama sitinamalize. Voti yoyeserera inakomera nazale, koma awiri mwa a minda ikuluikulu ananena kuti zikatero iwo azikagulitsa okha. Mawuwa si opepuka. Popanda khofi wawo gulu silingadzaze ngakhale galimoto yaing'ono. Voti ndi yofanana, koma mphamvu yochoka ili ndi iwo okha. Tasankha anthu a mbali zonse kuti akonze kagawidwe kapakati: gawo la makina, gawo la nazale, ndipo pasakhale kugawana ndalamayo pamanja pa kilogalamu, popeza bonasi imachita kale zimenezo. Mtengo wa ndowa ya ganyu unavomerezedwa, ngakhale ndi wotsika kuposa umene ndinapempha.

Okutobala

Khofi yense wauma ndipo ali m'matumba, m'makoko ake, pa mathandala m'chipinda chimene tabwereka. Mwezi uno tinaona za mtengo wa chiphasocho.

Chiphaso sichaulere. Pali ndalama yofunsira, ndalama ya chaka ndi chaka ya oyendera, zonse zowerengedwa mu ndalama yakunja, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamafunikanso munthu wosunga mabuku, malo osungira mankhwala, maphunziro a mamembala. Ndalama zimenezi sizitsika molingana ndi kuchepa kwa khofi wanu, ndiye gulu laling'ono limalipira zambiri pa kilogalamu kuposa lalikulu. Kontena imodzi imanyamula matumba 320 a makilogalamu 60, kutanthauza matani oposa 19 a khofi wopuntha, kapena matani oposa 100 a zipatso. Ife tili kutali kwambiri ndi pamenepo. Ndipo kukhala ndi chiphaso sikutanthauza kuti khofi yense agulidwa pa mtengo wake: makopaletivi ambiri padziko amagulitsa gawo chabe la khofi wawo ngati wa Fairtrade, wotsalayo amapita pa msika wamba chifukwa ogula ndi ochepa. Kusiyana kumene tikukuona pakati pa mlimi ndi mlimi kulinso pakati pa gulu ndi gulu. Akale ndi akuluakulu ali ndi ogula, atsopano amaima pakhomo.

Tinayang'ananso Rainforest Alliance, bungwe lina lopereka chiphaso, imene inaphatikizana ndi bungwe linzake la UTZ mu 2018. Iyo imalandira maesiteti ndi alimi ang'onoang'ono omwe, ndipo ilibe mtengo wotsikitsitsa wa khofi. Kwa ife sikuyankha vuto la Julayi lija.

Chinthu chimene sitingachizembe, chiphaso kaya tichifune kaya ayi, ndi lamulo la European Union la 2023 loletsa katundu wochokera m'malo amene nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020. Khofi ali m'gulu la katunduyo, ndipo munda uliwonse uyenera kudziwika pamene uli pa mapu. Tsiku loyamba kugwira ntchito lakhala likusunthidwa, koma ogula ayamba kale kufunsa. Kuno zikutikhudza chifukwa minda ina ili kufupi ndi nkhalango za boma za Namizimu ndi Mangochi, ndipo amene amalima kumalire a nkhalango kawirikawiri ndi amene anasowa malo abwino kumudzi. Tayamba kujambula malo a minda ndi foni, ndipo tayambira dala ku minda ing'onoing'ono ya kumtunda, kuti ngati pali vuto tilidziwe msanga ndi kukambirana ndi a zankhalango, m'malo mongofufuta mayina awo wogula akafunsa.

Komiti yagamula kuti chaka chino sitifunsira chiphaso. Tiyamba ndi kulembetsa kopaletivi ku ofesi ya mlembi wa makopaletivi ku unduna wa zamalonda, ndipo m'malamulo athu mulowe zinthu zimene tagwirizana: kulipira obweretsa zochepa tsiku lomwelo, kuletsa kupimitsa khofi wa mnzako m'dzina lako, umembala wa wogwira ntchito m'munda, muyeso ndi mtengo wa ndowa ya ganyu, ndi kagawidwe ka ndalama yoonjezera. Tilembera makopaletivi akuluakulu a khofi kufunsa ngati tingagulitse kudzera mwa iwo, popeza kulowa pansi pa chiphaso cha gulu lalikulu kungatsitse mtengo wake kwa ife.

Zotsala mvula isanagwe: kutumiza zitsanzo za khofi wathu kwa olawa kuti tidziwe giredi yake, kubweza ngongole ya banki mkhonde khofi akangogulidwa, kumanga mthunzi wa nazale pafupi ndi mtsinje, ndi kumaliza mapu a minda ya kumtunda. Nkhani ya ngongole za Janyuwale sinapeze yankho. Ngati gulu silikhala ndi thumba lobwereketsa chimanga kapena ndalama m'miyezi ya njala, khofi wa chaka chamawa adzagulidwanso ali wobiriwira. Ndaiika poyamba pa mndandanda wa msonkhano wa Novembala, ndipo ndapempha amayi a banki mkhonde kuti adzabwere ndi mabuku awo.